Utoto umatchula dzina, sutchula khalidwe: kuunika mutu wa zotupa za tiziwalo ta malovu m'buku la WHO

Bungwe la IARC, nthambi ya WHO yoona za khansa yomwe likulu lake lili ku Lyon m'dziko la France, limalemba mabuku omwe madokotala opima nyama ya m'thupi pa dziko lonse amatsatira potchula mayina a zotupa. Mu 2022 linaika pa intaneti buku lachisanu la zotupa za kumutu ndi m'khosi, ndipo mutu umodzi wa bukulo ndi wa zotupa za tiziwalo topanga malovu. Namwino wa pachipatala chaching'ono kapena mlangizi wa zaumoyo mwina sadzalitsegula bukuli mpaka kupuma pa ntchito. Koma mawu ake amamupeza ndithu. Amabwera pa pepala la zotsatira lochokera ku labotale, pomwe pamalembedwa zilembo ndi manambala monga p63, S100 kapena CD117, ndipo wodwala amene wadikira milungu ingapo amafunsa funso limodzi lokha: kodi ndi khansa? Mutu wa bukuli uyenera kuweruzidwa pa funso limeneli, ndipo ukaikidwa pa sikelo yotere umapezeka wolemera mbali ina, wopepuka mbali ina.

Tiziwalo tikulutikulu topanga malovu tilipo 6, titatu mbali iliyonse ya nkhope. Ka parotid kali patsogolo ndi m'munsi mwa khutu, pamene pamatupa mwana akadwala matsagwidi. Ka submandibular kali kunsi kwa nsagwada, ndipo ka sublingual kali kunsi kwa lilime. Tina ting'onoting'ono mazanamazana tamwazikana m'milomo, m'masaya ndi kudenga kwa kamwa. Zotupa zambiri zimamera mu parotid, ndipo pafupifupi 8 mwa 10 zilizonse za pamenepo si khansa. Kachiwalo kakamachepa, mpata woti chotupa chake ndi khansa umakula: kunsi kwa nsagwada ndi kudenga kwa kamwa umayandikira theka, kunsi kwa lilime zambiri zimakhala khansa. Mu parotid mumadutsanso mtsempha umene umayendetsa minofu ya nkhope. N'chifukwa chake dzina la chotupa si nkhani ya pa pepala chabe. Dzinalo ndi limene limauza dokotala wa opaleshoni kuchuluka kwa nyama yoti achotse, ngati achotsenso anabele a m'khosi, ndiponso ngati mtsemphawo ungasiyidwe kuti munthu azitha kutsinzina ndi kumwetulira.

Mndandanda woyamba wa WHO wa zotupazi unatuluka mu 1972 ndipo unali waufupi, wokwana pa tsamba limodzi. Nthawi imeneyo zotupa ziwiri zomwe lero aliyense amavomereza kuti ndi khansa, mucoepidermoid ndi acinic cell, zinkangotchedwa zotupa, chifukwa akatswiri anali asanagwirizane za khalidwe lake. Mndandanda unakonzedwanso mu 1991, mu 2005 ndi mu 2017, ndipo wa 2022 uli ndi mitundu yoposa 30. Sikuti matenda achuluka. Chachuluka ndi njira zosiyanitsira zotupa zomwe pa maikulosikopu zimaoneka ngati mapasa, ndipo njira imene yafika m'malabotale ambiri ndi yotchedwa immunohistochemistry, mwachidule IHC.

Kagwiridwe kake ndi kotere. Kanyama kochotsedwa kwa wodwala kamaumitsidwa m'mankhwala a formalin, kamaikidwa m'phula, kenako kamasengedwa mopyapyala kwambiri n'kuikidwa pa kagalasi. Pa kagalasipo amathirapo maantibodi, timapuloteni tomwe kalikonse kamagwira puloteni imodzi yokha, monga momwe kamwana ka mbuzi kamapezera make m'khola lodzaza. Pamene antibodi yagwira pamatuluka utoto wofiirira. Dokotala amaona ngati utoto watuluka, m'maselo ati, ndiponso mbali iti ya selo: pakatikati, m'kati monse, kapena pa kakhungu kake. Mapuloteni ofunafunidwawa ndi amene amatchedwa zizindikiro. Njirayi inayamba ndi Albert Coons mu 1941, koma inafala m'zipatala pambuyo poti Köhler ndi Milstein apeza mu 1975 njira yopangira maantibodi ofanana ochuluka, komanso poti mu 1991 kunadziwika kuti kutenthetsa kagalasi m'madzi kumavundukula mapuloteni omwe formalin inawabisa.

Kachiwalo ka malovu kali ndi magulu awiri a maselo. Ena ali m'kati, amapanga malovu ndi kuyala timipopi todutsa malovuwo. Ena ali kunja, amakumbatira anzawowo, ndipo ena mwa iwo amafinya ngati minofu kuti malovu atuluke. Zizindikiro monga CK7 ndi CD117 zimaonetsa a m'kati. P63, p40, SMA ndi calponin zimaonetsa a kunja. Funso loyamba la dokotala ndi lakuti chotupa chapangidwa ndi gulu limodzi kapena onse awiri. Apa IHC imathandiza kwambiri, ndipo bukuli lafotokoza bwino lomwe.

Pamene mutuwu ukuwala kwenikweni ndi pa nkhani ya secretory carcinoma. Mu 2010 Alena Skálová wa ku Plzeň m'dziko la Czech Republic ndi anzake anaonetsa kuti zotupa zina zomwe kwa zaka zambiri zinkatchedwa acinic cell carcinoma zinali mtundu wina, wofanana ndi khansa ina yosowa ya m'mawere, ndipo zinali ndi majini awiri olumikizana molakwika, ETV6 ndi NTRK3. Lero zotupa ziwirizi zimasiyanitsidwa ndi utoto. Secretory carcinoma imagwira S100 ndi mammaglobin. Acinic cell carcinoma imagwira DOG1, komanso NR4A3 yomwe inadziwika mu 2019. Kusiyanaku kuli ndi phindu kwa wodwala, chifukwa mu 2018 dziko la America linavomereza mankhwala a larotrectinib omwe amalimbana ndi zotupa zokhala ndi vuto la NTRK. Chimodzimodzinso salivary duct carcinoma, khansa yaukali yomwe imakonda abambo achikulire. Zambiri mwa izo zimagwira androgen receptor, ndipo pafupifupi chimodzi mwa zitatu chimagwira HER2. Zikatero, mankhwala odziwika kale a khansa ya prostate ndi ya m'mawere amatha kugwiritsidwa ntchito. Dziko la Japan linavomereza trastuzumab pa khansa ya tiziwalo ta malovu yokhala ndi HER2 mu 2021. Aliyense wonena kuti zizindikirozi ndi zoseweretsa za akatswiri olemera ayenera kuyamba wayankha nkhani ziwirizi.

Koma nkhani ziwirizi ndi za zotupa zosowa. Chotupa chimene wazaumoyo adzakumane nacho kawirikawiri ndi pleomorphic adenoma, chomwe chimaposa theka la zotupa zonse za mu parotid. Si khansa. Chimakula pang'onopang'ono, sichipweteka, chimayendayenda pansi pa khungu, ndipo munthu amatha kukhala nacho zaka 10 osapita kuchipatala. Bukuli likutchula zizindikiro zake, PLAG1 ndi HMGA2. Vuto ndi lakuti chotupachi chikakhalitsa chimatha kusanduka khansa, yotchedwa carcinoma ex pleomorphic adenoma. Kafukufuku wakale wa ku Sweden anapeza kuti izi zinachitika mwa pafupifupi 2 pa 100 mwa zotupa zosakwana zaka 5, ndi pafupifupi 10 pa 100 mwa zoposa zaka 15. Khansa yoteroyo imasunga PLAG1 kapena HMGA2 ya make. Utoto umatuluka mofanana pa chotupa chofatsa ndi pa mwana wake wolusa. Chizindikiro chatchula mtundu, koma funso la wodwala uja silinayankhidwe.

Zomwezi zimabwerezedwa m'mabanja ena. Basal cell adenoma si khansa, basal cell adenocarcinoma ndi khansa, koma zonse zimatha kugwira beta-catenin pakatikati pa selo. Myoepithelioma ndi myoepithelial carcinoma zimagwira utoto umodzimodzi. Chimene chimasiyanitsa ndi m'mphepete mwa chotupa: kodi chakhala m'kathumba kake, kapena chaboola n'kulowerera m'nyama yabwino, m'mitsempha ndi m'njira za magazi? Zimenezi zimaoneka ndi utoto wamba wa H&E, womwe labotale iliyonse yopima nyama ili nawo, malinga ngati chotupa chafika chathunthu ndi m'mphepete mwake. Ngakhale Ki-67, yomwe imawerenga maselo amene akugawikana, imangokweza kapena kutsitsa chikayiko. Pali khansa za tiziwalo ta malovu zomwe Ki-67 yake ndi yotsika kwambiri.

Olemba bukuli akudziwa zonsezi, ndipo pa chotupa chilichonse amafotokoza kaye maonekedwe asanafike pa zizindikiro. Cholakwika chili pa momwe mfundoyi yamwazikira. Munthu amaitola pang'onopang'ono powerenga chotupa ndi chotupa, pamene mayina a zizindikiro ndi osavuta kukopera. Chimene chimayenda kuchoka m'buku kupita m'makalasi ndi m'mafoni a ophunzira ndi matebulo a chophatikiza ndi chochotsera, ndipo wophunzira amayamba kuganiza kuti chotupa chimadziwika powerenga mzere. Dokotala amene analandira pepala lonena kuti kanyama kanachepa ndipo sikungatheke kunena ngati ndi khansa amafunsa chifukwa chomwe IHC sinachitike, ngati kuti utoto ukanabweza m'mphepete momwe munatsala mwa wodwala.

Matebulowo amabisanso kulowerana kwa zizindikiro. Chitsanzo chabwino ndi adenoid cystic carcinoma, khansa yomwe imayanga motsata mitsempha, imapweteka, ndipo imatha kutulukira m'mapapo patapita zaka zambiri munthu atachitidwa opaleshoni. Zambiri mwa izo zimagwira CD117, ndipo kwa nthawi ndithu utotowu unkatengedwa ngati siginecha yake. Kenako zinaoneka kuti pleomorphic adenoma, basal cell adenoma ndi zina zimagwiranso. Panali ngakhale chiyembekezo chakuti imatinib, mankhwala omwe amathandiza pa chotupa cha m'mimba chotchedwa GIST chomwenso chimagwira CD117, athandiza panonso. Atayesedwa sanaphule kanthu kwenikweni, chifukwa puloteniyo ilipo koma si imene ikuyendetsa khansayo. Mu 2009 kunapezeka kulumikizana kwa majini a MYB ndi NFIB, ndipo utoto wa MYB unalowa m'malo, koma nawonso umatuluka pang'ono m'zotupa zina.

Kudenga kwa kamwa ndi kumene vutoli limapweteka. Adenoid cystic carcinoma, polymorphous adenocarcinoma ndi pleomorphic adenoma zonse zimamera kumeneko, ndipo pa kanyama kakang'ono zimatha kufanana kwambiri. Choyambacho ndi khansa yovuta, chachiwiricho ndi khansa yofatsa, chachitatucho si khansa. Kafukufuku wa mu 2015 anaonetsa kuti polymorphous adenocarcinoma imagwira p63 koma sigwira p40, pamene adenoid cystic carcinoma nthawi zambiri imagwira zonse ziwiri. Ndi njira yanzeru komanso yotchipa. Koma mu 2019 kunafotokozedwa chotupa china, microsecretory adenocarcinoma, chomwe buku la 2022 lachilandira, ndipo nachonso chimagwira p63 osagwira p40. Paja chala chimodzi sichiswa nsabwe. Apa ngakhale ziwiri zimaphonya. Chizindikiro chilichonse chatsopano chimafika ndi mbiri yoti n'chachindunji, ndipo pakapita zaka zochepa mndandanda wa zotupa zina zomwe zimachigwira umayamba kutalika.

Chinthu chatsopano m'mabuku achisanu a WHO ndi chakuti pa chotupa chilichonse pali magulu awiri a zofunika: zosasoweka, zomwe popanda izo dzina silingaperekedwe, ndi zokhumbika, zomwe ndi zabwino kukhala nazo. Ganizoli ndi labwino kwa mayiko omwe alibe zipangizo zambiri, ndipo kuyeza majini nthawi zambiri kwaikidwa m'gulu lachiwirilo. Komabe pa zotupa zina, monga secretory carcinoma, utoto wa IHC uli m'gulu loyamba. Izi zikutanthauza kuti labotale yopanda mammaglobin singatchule dzinalo motsatira buku. Olemba sangadzudzulidwe chifukwa chokana kunama. Ngati chotupa sichidziwika popanda utoto, ndiye kuti sichidziwika. Chimene chikusoweka ndi makwerero apakati: mawu ogwirizana omwe dokotala wopanda utotowo angalembe, onena kuti iyi ndi khansa yofatsa kapena yaukali, yaboola kapena sinaboole, m'mphepete mwayera kapena ayi. Kwa dokotala wa opaleshoni, mayankho amenewa ndi amene amasintha zochita zake mawa m'mawa, kuposa dzina lenilenilo.

Makwerero otere alipo kale pa kuyeza kwa singano. Dongosolo la Milan, lomwe linatuluka mu 2018 motsogozedwa ndi William Faquin ndi Esther Diana Rossi ndipo linakonzedwanso mu 2023, limagawa zotsatira za maselo okokedwa ndi singano m'magulu 6, kuyambira pa zosakwanira kuyeza mpaka pa khansa yotsimikizika. Limavomereza poyera kuti pali zotupa zomwe singano singanene khalidwe lake, ndipo lili ndi gulu lawolawo. Gulu lililonse limauza dokotala chochita. Kwa chipatala cha pa boma, dongosolo limeneli lili pafupi ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku kuposa mndandanda wa mitundu yoposa 30.

Palinso funso la odwala omwe mabukuwa amawaona m'maganizo. Kafukufuku wochuluka wa zizindikirozi anachitikira ku Ulaya, ku America ndi ku Japan. Kumeneko chotupa chachiwiri pa kuchuluka mu parotid ndi cha Warthin, chomwe chimagwirizana ndi kusuta fodya. Kafukufuku wa ku Uganda ndi ku Zimbabwe anapeza kuti chotupachi n'chosowa pakati pa odwala awo. M'Malawi muno, munthu wotupa patsogolo pa khutu amabweretsa mafunso ena omwe ayenera kuyankhidwa dzina la adenoma lisanaganiziridwe. Mwa anthu omwe ali ndi HIV mumapezeka timatumba ta madzi mu parotid, tofewa, tosapweteka, kawirikawiri mbali zonse ziwiri, tomwe nthawi zambiri timaphwa munthu akayamba ma ARV. Anabele a mu parotid ndi kunsi kwa nsagwada amatupa ndi TB. Mwana wotupa nsagwada mofulumira akhoza kukhala ndi Burkitt lymphoma, yomwe imakula m'masiku owerengeka ndipo mankhwala ake si mpeni. Kaposi sarcoma imamera kudenga kwa kamwa. Khansa ya pa diso, yomwe yafala pakati pa anthu omwe ali ndi HIV, komanso khansa ya pakhungu la kumaso mwa anthu achialubino, zimafalikira kaye mwa anabele a mu parotid.

Chomalizachi chili ndi msampha wa utoto. Khansa ya pa diso ndi ya pakhungu, squamous cell carcinoma, imagwira p63 ndi p40. Mucoepidermoid carcinoma, khansa yofala kwambiri ya tiziwalo ta malovu, imagwiranso zomwezo. Chimene chimathandiza ndi utoto wakale wa mucicarmine, womwe umaonetsa maselo okhala ndi mamina, ndiponso chiganizo chimodzi pa fomu chonena kuti wodwalayu anachotsedwa chotupa pa diso chaka chatha. Chiganizocho sichigulidwa ndi ndalama zakunja. Chimalembedwa ndi amene anakhala ndi wodwala n'kumufunsa.

Labotale yopima nyama ya pa chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe inatsegulidwa mu 2011 mogwirizana ndi UNC Project, ndipo inayamba IHC ndi maantibodi ochepa osankhidwa makamaka poganizira za lymphoma ndi Kaposi sarcoma, monga CD3, CD20, Ki-67 ndi LANA, pamodzi ndi kukambirana zithunzi za pa kagalasi ndi akatswiri akunja pa intaneti. Poyerekeza ndi matebulo a bukuli, gulu limeneli lingaoneke losauka. Poyerekeza ndi odwala omwe amalowa pa geti, linasankhidwa mwanzeru, chifukwa kusiyanitsa lymphoma ndi khansa ina kumasintha chithandizo chonse. Antibodi ili ndi tsiku lotha mphamvu ndipo imafuna firiji yosazima. Kugula NR4A3 chifukwa cha zotupa ziwiri kapena zitatu pa chaka ndi kutaya ndalama. Bukuli silithandiza mkulu wa labotale kusankha zizindikiro zisanu zoyamba kugula, ndipo kafukufuku woyankha funso limeneli pogwiritsa ntchito zotupa za m'dziko muno ndi amene sukulu za zachipatala monga KUHeS zili pamalo abwino kuchita.

Mpata waukulu kwambiri uli pachiyambi penipeni. Bukuli ndi la magulu a zotupa, si lophunzitsa kasungidwe ka nyama, choncho limangotenga kuti kanyama kanafika ku labotale kali bwino. Apa ndi pamene owerenga ambiri a nkhani ino amagwira ntchito, ndipo apa ndi pamene IHC imapambana kapena kufa. Nyama ikangochotsedwa m'thupi imayamba kuwola, ndipo mapuloteni omwe maantibodi akufuna amayamba kutha. Malamulo omwe anakhazikitsidwa pa khansa ya m'mawere, omwenso malabotale amatsatira pa nyama zina, amati kanyama kalowe mu formalin pasanathe ola limodzi, ndipo kakhalemo maola apakati pa 6 ndi 72. Formalin yoyenera ndi ya 10 peresenti yokhala ndi mchere woletsa kuwawasa, ndipo ikhale yochuluka kuwirikiza ka 10 kukula kwa nyamayo. Madzi a dripu sasunga nyama. Spiriti imaumitsa ndi kukwinyitsa maselo. Botolo la kukamwa kochepa limapangitsa kuti chotupa chifinyidwe polowa, ndipo chikauma sichituluka popanda kuswa botolo kapena kung'amba nyama.

Formalin imalowa m'nyama pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi pa ola poyambirira, kenako mochedwerapo. Chotupa chachikulu ngati mango chikaponyedwa chathunthu m'kabotolo, kunja kumauma bwino pamene m'kati mukuwola. Nzeru yachangu ndi kuchidula zidutswa, koma kudula mwachisawawa kumawononga m'mphepete muja momwe muli yankho la funso la khansa. Choyenera ndi kugwirizana ndi labotale opaleshoni isanachitike za kadulidwe ndi kayendedwe, kumanga ulusi posonyeza kumtunda kapena mbali ya mtsempha, ndi kulemba pa fomu nthawi yomwe nyama inachotsedwa ndi yomwe inalowa mu formalin. Mbali inayo, botolo likakhala milungu pa shelefu kudikira galimoto, formalin imamanga mapuloteni mopitirira muyeso ndipo utoto umafooka.

Kuopsa kwake ndi kwakuti nyama yoonongeka silira. Imangokana kugwira utoto, ndipo pepala limatuluka lonena kuti chizindikiro palibe. Bambo amene salivary duct carcinoma yake ikanagwira androgen receptor amalembedwa kuti sinagwire, ndipo mankhwala omwe akanamuthandiza saganiziridwanso. Dokotala wosamala amayang'ana nyama yabwino yomwe ili pambali pa chotupa: timitsempha tiyenera kugwira S100, maselo abwino opanga malovu ayenera kugwira DOG1, a kunja kwa timipopi ayenera kugwira p63. Ngati izi sizinagwire, ndiye kuti vuto ndi kagalasi, osati chotupa. Koma kuti atero pamafunika kuti nyama yabwinoyo ikhalepo, zomwe zikubwereranso kwa amene anadula.

Ndipo pali kudula komwe sikuyenera kuchitika n'komwe. Chotupa cha patsogolo pa khutu sichiyenera kutumbulidwa ngati chithupsa kapena kudulidwako kachidutswa pachipatala chaching'ono. Pleomorphic adenoma ikang'ambika kathumba kake, maselo amamwazikana m'bala ndipo patapita zaka chotupa chimabwerera chili timibulu tambirimbiri tozungulira mtsempha wa nkhope, tovuta kuchotsa. Mpeni wosadziwa njira ungadulenso mtsemphawo, munthu n'kukhala wopotoka kamwa moyo wake wonse. Mphini zotemedwa pa chotupa kumudzi zili ndi ngozi yofanana zikalowa mozama. Njira yoyenera ndi singano yopyapyala, kapena yokulirapo motsogozedwa ndi sikani, ndipo opaleshoni ichitidwe ndi amene anaphunzira kufufuza mtsemphawo. Maselo okokedwa ndi singano akhozanso kuunjikidwa m'phula kuti IHC itheke, ngati ena aikidwa mu formalin nthawi yomweyo m'malo mopaka onse pa kagalasi.

Zizindikiro zomwe mlangizi wa zaumoyo ndi wodzipereka wa m'mudzi angawerenge sizifuna firiji. Chotupa chomwe chakhala zaka chili phee kenako chayamba kukula msanga, kupweteka, kulimba ndi kukana kusuntha, diso lomwe silikutsinzina kapena kamwa lomwe lapotokera mbali imodzi, dzanzi pa tsaya kapena pa lilime, chilonda pamwamba pa chotupa, anabele olimba m'khosi, kulephera kuyasamula. Chilichonse mwa izi ndi chifukwa chotumizira wodwala kuchipatala chachikulu sabata yomweyo. Chotupa cha kudenga kwa kamwa kapena kunsi kwa lilime chitumizidwe ngakhale chisakupweteka, ndipo mwana wotupa nsagwada mofulumira asadikire n'komwe. Wamkulu wotupa mbali zonse ziwiri ayezedwe HIV. Matsagwidi amaphwa pasanathe milungu iwiri. Kutupa komwe kwadutsa pamenepo si matsagwidi, ndipo kubwereza maantibayotiki kachitatu kumangodya nthawi.

Pepala la zotsatira likabwera ndi zilembo zake, mzere woyamba kuwerenga ndi wa dzina ndi wonena ngati ndi khansa, wachiwiri ndi wa m'mphepete ndi mitsempha, ndipo zizindikiro zibwere pambuyo. Mawu oti positive pa p63 kapena S100 amangonena kuti utoto wagwira. Wodwala amene anazolowera kumva mawuwa pa kuyeza kwa HIV ayenera kuuzidwa zimenezi momveka asanachoke pa benchi. Ngati pepala likunena kuti dzina lenileni silinatsimikizike chifukwa utoto wina palibe, koma khansa yatsimikizika, chithandizo sichidikira dzinalo. Phula lomwe muli kanyama limasungidwa ku labotale kwa zaka, ndipo likhoza kusengedwanso kapena kutumizidwa kwina utoto ukapezeka. Nambala ya labotale yolembedwa pa pepalalo ikopedwe m'buku la kuchipatala la wodwalayo, chifukwa ndi imene adzaifune pofufuza phulalo.